Munthu Akuwina, Agonjeranji?

  

Lero tikamba za makadi. Osati aja timagula pagolosale n'kumamenya pamphasa madzulo ayi. Awa ndi makadi a pafoni ndi pakompyuta. Umasewera pa intaneti ndi munthu amene sukumudziwa. Iwe uli kuno, iye mwina ali kutsidya kwa nyanja. Nkhope yake suiona. Mawu ake suwamva. Umangoona dzina limene anadzipatsa ndi makadi amene akuponya.

Ndiye tamvani chodabwitsa chake. Tayerekezani kuti mukusewera, ndipo zakuvutani. Makadi anu apululidwa onse. Mnzanuyo wadzaza bwalo ndi ake. Inu mwatsala madzi amodzi. Mukungodikira nkhonya yomaliza. Kenaka foni ija yawala, ikuti mwawina. Mwawina bwanji? Mnzanu uja wadina batani logonjera, wachoka. Simunamugwetse inu. Wadzigwetsa yekha, ali pamwamba.

Si nthano imeneyi. Zimachitika tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amene akhalitsa m'masewerowa anakumana nazo. Funso lathu lero ndi limeneli: munthu akuwina, agonjeranji? Ndibwereze. Munthu akuwina, agonjeranji?

Tisanayankhe, tiyeni tiwatenge kaye anzathu amene masewerowa sanawagwirepo, tiyendere limodzi.

Kholo la masewero a mtundu umenewu ndi Magic: The Gathering. Anawapanga ndi katswiri wa masamu wa ku America, Richard Garfield, ndipo anatuluka mu 1993 ali makadi a pepala. Lero alinso pa intaneti, kumene amatchedwa Magic Arena. Mu 2014 kampani ya Blizzard inatulutsa Hearthstone. Pambuyo pake kunabwera Marvel Snap, kunabweranso Pokémon TCG Pocket. Maina ndi ambiri, musavutike kuwaloweza. Mtima wake ndi umodzi. Aliyense amasanja mulu wake wa makadi asanalowe m'bwalo. Makadi ena ndi asilikali, ena ndi matsenga, ena ndi misampha. Mumaponyerana mpaka wina atagwa. Ukawina umakwera makwerero. Ukaluza umatsika.

Ndipo monsemo muli batani lija. Malamulo a Magic amanena poyera kuti wosewera ali ndi ufulu wogonja nthawi ina iliyonse, palibe womukaniza. Mu Hearthstone ukalidina, chithunzi cha ngwazi yako chimaphulika n'kumwazika. Gemu yathera pomwepo.

Tsopano tiyambe ndi funso limene ambiri amalilumpha. Kodi munthuyo amawinadi? Kapena ndinu amene mumaona ngati akuwina?

Amene munamenyapo makadi, ngakhale a pamphasa omwe aja, mukudziwa. Makadi ali pansi aliyense akuwaona. Ali m'manja mwa mnzako umangoona misana yake. Inu mukuona theka la gemu, iyenso akuona theka lina. Inu mukuona asilikali ake atadzaza bwalo, mukunjenjemera. Iye akuyang'ana m'manja mwake, muli zinyalala zokhazokha. Mulu wake watsala pang'ono kutha. Akudziwa kuti mphamvu zake zonse ndi zomwe zili pabwalozo, kumbuyo kulibe kanthu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono iye akuyang'ana kwa inu. Muli ndi makadi atatu amene simunawaponye chiyambire gemu. Akudzifunsa: akuwasungiranji? Ameneyu ali ndi khadi lija losesa bwalo lonse. Akungondidikira kuti ndithire zonse. Mtima wake wagwa pomwepo, chala chapita pabatani. Chonsecho inu makadi atatuwo simunawaponye chifukwa ndi opanda ntchito. Munthu wathawa mfuwu wake womwe.

Mukudziwa amene amakodwa kwambiri mumsampha umenewu? Si ongoyamba kumene ayi. Wongoyamba sadziwa choti aope. Amangoponya mpaka mapeto. Amene amakodwa ndi wodziwa. Makadi onse anawaloweza. Akangoona khadi lanu loyamba, waganiza kale mtundu wa mulu umene mwanyamula, ndi zoopsa zonse zimene zimakhalamo. Gemu yonse amaisewera m'mutu, n'kuiluza m'mutu momwemo, inu musanaponye n'komwe.

Zoterezi sizinayambe ndi intaneti. Zimachitika ngakhale pamene palibe chobisika. Mu 1902 ku Monte Carlo kunali mpikisano wa chesi. Katswiri wina, Georg Marco, anayang'ana bolodi n'kuona kuti chida chake chimodzi chapanikizidwa, sichipulumuka. Anagonja kwa Ignatz von Popiel. Pambuyo pake zinadziwika kuti akanangosuntha chida chomwecho n'kuchiika pamalo pena, wowina akanakhala iyeyo. Pachesitu zonse zili poyera. Nanga kuli bwanji pamakadi, pamene theka lili mumdima?

Masewero ena anachita kuwamanga pa mantha amenewa. Tengani Marvel Snap. Gemu yake ndi yaifupi, ya mphindi zochepa, maulendo asanu ndi limodzi oponya. Pabwalo pali malo atatu, wolanda awiri ndiye wawina. Koma makwerero ake sawerenga kuti wawina kangati. Amawerenga timabokosi timene mumabetcherana. Gemu imayamba ndi kabokosi kamodzi. Ukadzidalira, umadina batani lowirikiza kubetchako. Nonse awiri mukawirikiza, pomaliza wina ataya timabokosi tisanu ndi titatu. Koma khomo lothawira lilipo. Mnzako akangowirikiza, iwe ukhoza kubwerera m'mbuyo nthawi yomweyo, zisanakwere mtengo. Opanga masewerowa, a kampani ya Second Dinner, motsogozedwa ndi Ben Brode, nzeru imeneyi anaitenga ku masewero akalekale a backgammon.

Ndiye taganizani. Mukutsogola malo awiri mwa atatu. Mnzanu amene akuoneka ngati wagwa kale, mwadzidzidzi wawirikiza kubetcha. Akudalira chiyani? Mwina wasunga Shang-Chi, khadi limene limaphwanya zimphona za mdani pamalo pamene laponyedwa. Mwina alibe kalikonse, akungokuopsezani. Wochenjera amawerengera. Ndikathawa panopa, nditaya kamodzi. Ndikalimba mtima n'kupezeka kuti ndaphonya, nditaya tinayi. Amathawa, ali patsogolo. Ndipo masewerowo samunyoza. Pagalasi la foni salemba kuti waluza. Amalemba kuti wapulumuka. Sunga khosi, mkanda uoneka. Mu Marvel Snap, munthu wosadziwa kuthawa safika patali.

A poker anazidziwa kale zimenezi. Sindikulimbikitsa njuga, omvera, ndikungopereka chitsanzo. Mu 2003 ku Las Vegas, pampikisano waukulu wa poker padziko lonse, patebulo panatsala anthu awiri. Wina anali Sammy Farha, katakwe wa zaka zambiri. Winayo anali Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene mpando wake anaupeza posewera pa intaneti. Ulendo wina Moneymaker anakankhira pakati zonse zimene anali nazo, m'manja mulibe chogwirika. Farha anali ndi makadi omuposa. Analingalira, n'kulingaliranso, kenaka anawataya. Moneymaker ndi amene anadzatenga ukatswiriwo.

Ndiye sungani mfundo imeneyi. Nthawi zina wogonjayo sadziwa kuti akuwina. Nthawi zina akudziwa kuti ali patsogolo, koma waona kuti kuthawa n'kotchipa kuposa kutsimikiza.

Tipite kwina. Chifukwa china n'chapafupi, sitikhalitsapo. Zapakhomo zamuitana. Mwana wadzuka, akulira. Ndiwo zikupserera pamoto. Bwana walowa mu ofesi, foni iyenera kulowa m'thumba msanga. Kondakitala akukuwa kuti mwafika pasiteji panu. Batire lafiira, magetsi kulibe. Bandulo yatsala yotumizira uthenga umodzi. Masewero a pa intaneti alibe poimikira. Sungamuuze mnzako kuti tadikira, ndikaphule mphika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kunena zoona, amene amadina batani asanachoke ndi munthu waulemu. Wopanda ulemu amangozimitsa foni, n'kukusiya iwe ukuyang'ana nthawi ikutha. Osewera Hearthstone akuchidziwa chingwe chija chimayaka pang'onopang'ono nthawi ya munthu yoponya ikamatha. Chingwe chimenecho ena anachisandutsa chida. Munthu waona kuti waluza. M'malo mogonja, amayamba kuchedwa dala. Ulendo uliwonse amadikira chingwe chipse mpaka kumapeto. Akufuna mutope. Ndipo ena amatopadi. Amadzifunsa kuti, ndikhale pano mpaka liti chifukwa cha nyenyezi imodzi yokwerera makwerero? Amagonja, amakayamba gemu ina. Ndi khalidwe lonyansa, koma nthawi zina limamupindulira mwini wake.

Palinso manyazi. Chala chaterera, waponya khadi pamalo olakwika. Kapena wapha msilikali wake yemwe. Akadali patsogolo ndithu. Koma nkhope yatentha. Akuganiza kuti munthu wa kutsidya uja akumuseka. Wadina, wachoka. Munthu amene sadzamuonapo, amene mawa adzakhala atamuiwala, ndi amene akumuchitira manyazi. Anthufe ndi mmene tilili.

Tsopano tcherani khutu bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Anthu awiri akhoza kukhala pa gemu imodzi, koma akuwerenga zinthu zosiyana. Inu mukuwerenga kuwina. Mnzanu akuwerenga zina. Ndibwereze. Inu mukuwerenga kuwina, mnzanu akuwerenga zina.

Zina ziti? Masewero ambiriwa kulowa ndi kwaulere. Kampani imapeza ndalama pokugulitsani makadi ndi zokongoletsa. Ndiye imafuna muzibwera tsiku lililonse, musaiwale njira. Kuti muzibwera, tsiku lililonse imakupatsani kantchito. Mu Magic Arena kantchitoko kakhoza kukhala kakuti, ponyani makadi ofiira kapena obiriwira akutiakuti, mulandire golide wa m'masewero wogulira makadi ena. Kapena, tumizani asilikali akutiakuti kukamenya nkhondo. Mwamva bwino? Sananene kuti muwine. Angoti ponyani.

Mukamulemba munthu ganyu, mumamudulira ndime. Akafika pamalire, amatula khasu, amalandira zake, amapita. Kaya yatsala mizere itatu kuti munda wonse uthe, si nkhani yake. Munapangana ndime, simunapangane munda. Wosewera wathu uja nayenso ndi choncho. Anabwera kudzaponya makadi ofiira. Khadi lomaliza lagwa, foni yalira kuti ntchito yatha, golide walowa. Gemu ikupitirira, iye ali patsogolo, koma ndime yake yatha. Inu kuno mukudabwa kuti mwapulumuka bwanji. Iye ali kale kubafa, akukonzekera za kuntchito.

Wina akuwerenga nthawi. Pali milu ya makadi yothamanga, yomaliza gemu msanga. Pali ina yozengereza, yongotchinga ndi kuzimitsa chilichonse chimene mnzake waponya. Awiri ozengereza akakumana, gemu imakhala ngati sidzatha. Munthu akuona kuti awina ndithu, koma patali. M'nthawi yomweyo akanasewera magemu atatu ena. Amene ali ndi theka la ola lokha lopumira masana sawerenga ngati amene ali ndi usiku wonse.

Winanso akuwerenga chisangalalo chake, ndipo ameneyu ndimamumvetsa. Mark Rosewater, mkulu wa okonza makadi a Magic, anagawa osewera m'magulu n'kuwapatsa maina. Spike ndi uja amafuna kuwina basi, njira iliyonse yololedwa. Timmy amakonda zimphona, zinthu zikuluzikulu zogwedeza bwalo. Ndiye pali Johnny. Johnny amafuna kuonetsa nzeru zake. Amakhala sabata yathunthu akuluka makadi anayi amene palibe anaganizapo kuti angayendere limodzi. Amaluza, amaluzanso, osadandaula. Tsiku lina makadi anayi aja akumana m'manja mwake. Wawaponya. Zatheka! Bwalo lonse lagwedezeka. Kwa Johnny wina, gemu yathera pamenepo. Nyenyezi alibe nayo ntchito. Chimene anabwerera wachiona, ndipo inu munali mboni yake. Amakusiyirani nyenyeziyo ngati kukuthokozani poonerera.

Zimenezi zatifikitsa pa chifukwa china, chokoma kumva. Kupatsa.

Makwerero a Hearthstone ndi a Magic Arena ali ndi malo opumira. Ukafikapo, sungatsikenso kupitirira pamenepo mpaka nyengo ya mpikisanoyo itatha, ngakhale uluze kangati. Munthu amene waima pamalo otere, ndipo alibe cholinga chokwera mwezi umenewo, alibe chotaya. Kuluza sikumupweteka. Koma akudziwa kuti kwa mnzakeyo nyenyezi imodzi ikhoza kukhala yomwe wakhala akuisaka usiku wonse. Ndiye amasewera mpaka poti aphe, n'kubweza dzanja.

Chitsanzo chooneka bwino chinachitika kumapeto kwa 2024 mu Pokémon TCG Pocket. Opanga masewerowa anaika baji yapadera. Kuti uilandire, uwine magemu asanu motsatizana. Ukaluza imodzi, uyambirenso. Tsono masewero amenewa mwayi umalamulira kwambiri. Makadi ena mphamvu yake imadalira kuponya kobiri m'mwamba. Munthu amawina inayi, yachisanu kobiri n'kumukana. Anthu analira nayo baji imeneyi. Ndiye ena amene anali atailandira kale anayamba kubwerera m'bwalo. Amasewera, amatsogola, kutsala pointi imodzi kuti amalize, n'kugonja dala. Amapatsa munthu wosamudziwa, amene mwina ali pa gemu yake yachisanu, manja akunjenjemera. Kupatsa n'kuika, anatero akuluakulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine nkhani imeneyi imandisangalatsa. Kampani inaika mpanda, anthu osadziwana n'kumanyamulana kuti awoloke. Koma ndisakubisireni mbali inayo. Baji ija imanena kuti mwini wake anawina kasanu motsatizana. Sinena kuti kawiri anachita kupatsidwa. Amene anaivutikira yekha ali ndi chifukwa chong'ung'udza. Ndipo si onse olandira amene amathokoza. Alipo amene amakwiya. Amati, wayamba wandionetsa kuti ukanandipha, kenaka ukundiponyera nyenyezi ngati wopemphetsa? Ine ndimafuna kuwina ndi manja anga, kapena kuluza ndi manja anga.

Chovuta n'chakuti simungafunsane. Mu Hearthstone sungalembere uthenga mlendo gemu ili m'kati. Pali timawu tochepa tokonzeratu: moni, zikomo, wasewera bwino. Kunalinso kena kopepesa, koma Blizzard inakachotsa mu 2016. Anthu ambiri ankakagwiritsa ntchito ponyogodola, kupepesa uku akukumaliza. Ndiye munthu akakuuzani kuti mwasewera bwino, n'kuphulika, mudziwa bwanji ngati ndi chifundo kapena chipongwe? Mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Tsopano tifike pa chifukwa chimene chimandiwawa. Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za osewera makadi pa intaneti amene amagonja pamene akuwina. Taona woopa, taona woitanidwa, taona womaliza ndime, taona wopatsa. Watsala wochenjera moipa.

Masewerowa amayesetsa kukumanitsa anthu a msinkhu umodzi. Wodziwa akumane ndi wodziwa, wophunzira ndi wophunzira mnzake. Amayang'ana pamene waima pamakwerero, kapena nambala yobisika imene kompyuta imasunga, yoyeza luso lako. Ukamawina nambalayo imakwera, adani n'kumalimba. Ukamaluza imatsika, adani n'kumafewa. Mwaiona kale mbuna yake? Amene akufuna adani ofewa, angoluza dala.

M'zaka zoyambirira za Hearthstone zimenezi zinali poyera. Ukawina magemu 500 a pamakwerero ndi ngwazi imodzi, chithunzi chake chimasanduka chagolide, chonyezimira. Aliyense wokumana nawe amachiona. Koma powerenga magemuwo sankafunsa kuti wawina ndani. Kugwetsa katswiri ndi kugwetsa mwana woyamba dzulo, zonse zinali imodzi imodzi. Ndiye akatakwe ena anakamanga msasa pansi pa makwerero, pa sitepe 20, pamene ongoyamba kumene ankafikira. Amawina, n'kugonja dala, amawinanso, n'kugonjanso, kuti asakwere. Ena amagonja gemu isanatenthe n'komwe. Ena amayamba asewera kuti amve kukoma, n'kudina batani pomaliza kuti nyenyezi isawakweze.

Inu amene mwalandira nyenyezi yaulere kwa munthu wotere, mukhoza kuganiza kuti mwakumana ndi wachifundo. Ayi ndithu. Simuli m'maganizo mwake n'komwe. Nyenyezi wakupatsaniyo ndi mtengo umene akulipira kuti akapeze wofooka. Amene alipire zenizeni ndi wotsatira wanu pamzere. Tamuganizirani ameneyo. Mtsikana watsitsa masewerowa dzulo, ndi bandulo yoti anachita kusungira. Ali ndi makadi aulere oyambira. Akuphunzira kumene kuti ili limatani, ili limatani. Akukumana ndi munthu wa makadi odula, wosewera zaka. Wamenyedwa osaponya n'katatu komwe. Gemu yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Aganiza chiyani? Aganiza kuti iye ndi mbuli, kapena kuti masewerowa ndi a anthu a ndalama. Afufuta, sadzabweranso. Wamkulu uja wapeza chithunzi chake chagolide, koma wathamangitsa munthu amene akanadzakhala mnzake wosewera naye.

Pamenepa ine sindizungulira. Kumeneku ndi kubera ana. Palibe luso lililonse pogwetsa munthu amene sanaphunzire kuima.

Koma mlanduwu si wa osewera okha. Anaika mphoto pa kuchuluka kwa magemu, osafunsa kuti wawina ndani, ndi ndani? Ndi kampani. Ukaika mphoto pa chinthu, anthu adzasaka njira yachidule yokafika pa chinthucho. Blizzard inadzasintha zina. Mu 2018 inaika makwerero apadera a ongoyamba kumene, oti akale sangatsikireko. Mu 2020 inakonzanso makwerero onse. Zinathandiza. Koma paliponse pamene pali nambala yotsika munthu akaluza, padzapezeka wina woitsitsa dala. Mpaka lero osewera masewero osiyanasiyana amadandaula za anthu otere.

Ndiye mwaona kuvuta kwake, omvera. Batani ndi limodzi. Wopatsa amadina lomwelo, wobera ana amadinanso lomwelo. Kwa inu wolandira, pagalasi pamaoneka chimodzimodzi.

Tisanatseke, tisuzumire kumene anthu amaonana maso ndi maso, kuti timve kuti kumeneko malire anawaika pati. Magic ya makadi a pepala ili ndi mipikisano ikuluikulu, m'maholo, ndi oweruza oyendayenda pakati pa matebulo. Nthawi zambiri anthu amasewera maulendo angapo, kenaka asanu ndi atatu apamwamba amapitirira kukalimbirana chikho. Pa ulendo womaliza zimachitika kuti mabwenzi awiri akumana. Wina akawina alowa m'gulu la asanu ndi atatu lija. Winayo ngakhale awine, salowa, mapointi ake ndi ochepa. Ndiye wopanda mwayi uja amagonjera mnzake, ngakhale ali patsogolo. Malamulo amalola. Koma tamvani malire ake. Ukangonena kuti, ndigonjere ndikupatsa ndalama, kapena ndikugawira makadi, mlandu wasanduka wa ziphuphu, ndipo chilango chake n'chowawa. Kugonja mwaulere, inde. Kugulitsa kugonja, ayi. Pa intaneti namonso, anthu opangana kuti lero ndikugonjera, mawa undigonjere, kuti tonse tikwere, Blizzard imawatenga ngati obera, ndipo ena inawatsekera maakaunti.

Komatu ngakhale kugonja kwaulere kuja kuli ndi womulira. M'holo muja muli munthu wachitatu. Iye alibe bwenzi pa tebulo limenelo. Wasewera magemu ake onse mpaka mapeto, thukuta lili kamukamu. Akanalowa pa nambala yachisanu ndi chitatu mabwenzi aja akanasewera moona. Tsopano wathera pa nambala yachisanu ndi chinayi, akulongedza makadi ake. Palibe lamulo limene laphwanyidwa.

Ndiye ndikusiyireni funso, mukambirane kunyumba, kuntchito, kapena pamene mwakhalapo. Muli pa tebulo limenelo. Kutsogolo kwanu kwakhala mnzanu wa pamtima, amene munakwera naye basi imodzi pobwera. Makadi opha ali m'manja mwanu. Munthu wachitatu uja simukumudziwa, koma mukumuona ali chiimire pakhomo, akudikira zotsatira. Muponya, kapena mugonja?